Mwendo wa Kabwana

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumsasa kwanuko, komanso kuti chifuwa cha fumbi la miyala chija chinakusiyani. Kuno amayi aliko bwino, kupatula mawondo awo aja. Amalume akugogodabe zitsulo zawo. Alamu, akazi anu, akudya mongolawa. Ine ndilipo.

Za mwana wanu Kabwana ndinena m'munsimu. Muyambe mwakhala pansi, ndipo kalatayi musawerenge pagulu monga mumachitira ndi mauthenga anga.

Mudabwa kuona pepala lochokera kwa ine, munthu amene ndimaseka aliyense wolemba pamanja. Foni yanu imagwira pokhapokha mukatsikira kutauni kumapeto kwa mwezi, ndipo nkhaniyi singadikire mpaka pamenepo. Ndapatsira dalaivala wa lole ya simenti. Afika kwanuko Loweruka, anyamuka Lolemba m'mawa, kuno afika Lachitatu. Masiku amenewa muwasunge, muona chifukwa chake.

Ndiyambe ndi bodza langa.

Kanema uja ndinakutumizirani mwezi watha, Kabwana akukankha kangolo kophunzirira kuyenda pabalaza, amene munati mwaonetsa msasa wonse mpaka akapitawo, ndinamudula. Yense ndi wa masekondi khumi ndi awiri. Inu munalandira asanu ndi anayi. Pa atatu otsalawo mwendo wakumanzere wa mwana wanu unathyoka, ine ndili chigwirire foni, ndikumuchemerera.

Lero atha masabata asanu ndi awiri, ndipo fupalo silinalumikizane.

Mukundidziwa, achimwene. Chilandirireni digiri ija ndangokhala wotayipa makalata a anthu ena pashopu ya pakona. Anga ofunsira ntchito ndatumiza oposa makumi anayi, yankho zii. Ndiye ndinati ngati dziko silikufuna kuti ndilisinthe, ndiyambira pabalaza pathu. Ndinasintha malo a mipando. Ndinaletsa amayi kutafunira mwana chakudya. Ndinasindikiza tchati cha kakulidwe ka ana n'kumata pakhoma, pafupi ndi chithunzi changa cha gauni: mwezi wakuti akhale, mwezi wakuti akwawe, mwezi wakuti ayende. Ndinkachonga ndi cholembera chofiira ngati mphunzitsi. Alamu ankaseka, amvekere mwana wawo walowa sukulu asanamere mano.

Bokosi la kuyenda ndi limene linakhala losachonga. Chaka chinakwana, mwezi wina unadutsa, winanso. Kabwana akagwira mpando ankaimirira ndithu, nkhope ili ndwii ngati bwana wa muofesi monga mwa dzina lake, koma mwendo wakumanzere ankaukweza ngati nkhuku yoponda phulusa lamoto.

Tsopano za mawanga.

Mukukumbukira mmene malemu bambo ankanyadira nawo. Ankati ndi chidindo cha banja lathu, mwana wawo sangasochere pamsika. Iwo anali nawo kumsana konse, inu muli nawo, ine ndilibe ndi limodzi lomwe, ndipo munandizunza ubwana wanga wonse kuti ndine wotoledwa pa depoti. Ndinkalira, mpaka tsiku lina ndinadzipaka polishi wa nsapato pamimba. Kabwana atabadwa, funso lanu loyamba pafoni linali lakuti chidindo chilipo kodi. Alamu anati alipo atatu, odera ngati pamene padontha tiyi pansalu, awiri kumsana, limodzi pantchafu. Munakuwa ngati timu yanu yagoletsa.

Palibe amene anawerenganso. Ine wokonda kuwerenga chilichonse, mawanga okha sindinawerenge. Anali zathu zapakhomo, pa tchati panalibe bokosi lake.

Amayi ndi amene anaona kuti mwendo suli bwino. Pomusambitsa ankachedwa pa msongolo wakumanzere, kuusisita, kuuyang'ana cham'mbali. Anati wapindika, ndipo kupindika kwake si kwa matewe, chifukwa ndi mwendo umodzi wokha, ndipo wagobekera kutsogolo, pamwamba pang'ono pa kakolo. Anakanena kusikelo. Anesi, mzere uli mpaka kunja, anati ana onse amabadwa opindika miyendo, umawongoka wokha akayamba kuyenda. Amayi atabwera nazo kwa ine, ndinatsegula foni, ndinawawerengera zomwezo mokweza, n'kuwonjezera zanga. Ndinati vuto ndi iwowo, amakhalira kumubereka kumbuyo ngati katundu, miyendo ilimba bwanji.

Iwo anangoti mwana ameneyu asaimikidwe. Ndinafunsa chifukwa, anati basi asaimikidwe. Ndinati "basi" si chifukwa, ndipo nthawi ya "basi" inatha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatuluka kukaanula zovala zomwe zinali zisanaume. Ine ndinayesa ndapambana.

Kangoloko ndinajambula ndekha papepala, miyezo yonse. Amalume anawotcherera ndi mapaipi otsala a bedi, pansi n'kuikapo timatayala ta mpando wakale wa muofesi. Ponditsanzika anati ainjiniya a m'banja mwathu ayamba ndi galimoto ya makanda, ndege ikubwera. Amayi anakabisa kawiri, koyamba pamwamba pa kabati, kachiwiri kuseri kwa matumba a makala. Kawiri konse ndinakapeza.

Linali Loweruka m'mawa. Amayi anali atapita kukaona mnzawo wodwala, alamu akuchapa kuseri. Ndinakolopa pabalaza, ndinasuntha tebulo, ndinamugwiritsa kangolo. Anaponda kamodzi, kawiri, katatu, akuseka, dovu likuyenderera. Apo ndi pamene kanema wanu amathera.

Sanagwe, achimwene. Ichi ndi chimene chimandizungulira m'mutu. Sanagwe, sanagunde kanthu. Anangoponda kachinayi, ndipo kunamveka kaphokoso kakang'ono ngati munthu wathyola pensulo. Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana modabwa. Kulira kunabwera pambuyo.

Kuchipatala chapafupi anamuika chikhakha. Anati mafupa a ana ali ngati nthambi yaiwisi, mwezi umodzi akhala akuthamanga. Tinagwirizana kuti tisakuuzeni, mungasokonezeke muli pamakina. Kunena zoona ndinagwirizanitsa anthuwo ndine. Ndipo mutatsikira kutauni n'kuyamba kufunsa kuti mwana wanu wayenda kodi, ndinadula kanema uja n'kutumiza. Mawu anu achimwemwe aja ndinawamvera ndili pabenchi ya kuchipatala.

Sabata yatha anachotsa chikhakha. Adokotala atangogwira mwendo, nkhope inasintha. Anatituma kukajambulitsa, ndipo chithunzi chitatuluka sanatiuze kanthu, anangolemba kalata yopita kuchipatala chachikulu, kwa dokotala wa mafupa.

Dokotala wa mafupayo ndi mayi wa imvi, wolankhula motsitsa. Chithunzi anangochiyang'ana kamodzi. Ine ndinali nditakonzeka kufotokoza, foni ili m'manja, koma iwo anati mwana avulidwe zonse. Ndinati wathyoka mwendo, osati msana. Anatulutsa karula m'thumba n'kuyamba kuyeza mawanga limodzilimodzi, akuwerenga chapansipansi. Anafika pa asanu ndi anayi. Anamukweza manja n'kuyang'ana m'khwapa. Kenaka anazimitsa getsi, anatseka katani, n'kumuunika m'maso ndi katochi, diso ili, diso ili, n'kubwereranso. Kabwana yekha ndi amene ankaseka, akufuna kulanda tochiyo.

Atayatsa getsi anafunsa kuti m'banjamo ali ndi mawanga otere ndani. Alamu anati iwo alibe, koma bambo a mwanayu. Ine, pofuna kupeputsa zinthu, ndinati n'chidindo cha kwathu, agogo akenso anali nacho. Anafunsa ngati agogowo anali ndi timibulu tofewa pakhungu. Ndinakumbukira khosi la bambo, ndi mikono yawo, ndi malaya aatali manja amene ankavala ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndinakumbukiranso kambulu kaja kali paphewa panu.

Zimene ananena ndilemba monga ndinazimvera. Banga limodzi kapena awiri otere ana ambiri amabadwa nawo, ndipo si kanthu. Koma akafika asanu ndi limodzi kapena kuposa, n'kumawonjezeka mwana akamakula, nthawi zambiri chimakhala chizindikiro cha matenda a m'magazi a banja. Dzina lake ndi lalitali, ndalilemba kuseri kwa pepalali kuti mukaonetse a chipatala cha kumsasa. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense akhoza kutengera kapena kuphonyedwa, monga ndinaphonyedwera ine. Ambiri amakalamba nawo ali ndi mawanga ndi timibulu basi. Koma mwa ana ena amagwira fupa la msongolo, limabadwa lopindika ndi lofooka pakati, ndipo likathyoka silidziwa kudzilumikiza. Mwa ena kamamera chotupa pa mtsempha wa diso. Maso a Kabwana pakadali pano ali bwino, koma aziunikidwa chaka ndi chaka.

Anatiitana kuti tione chithunzi. Achimwene, nsonga ziwiri za fupa sizinakumane n'komwe. Zasongoka, zikungolozana, pakati pali mdima. Anati zikamakhalitsa chonchi zimapitirira kudyeka.

Amayi nthawi yonseyi anali chilili pakhomo la chipindacho, atafumbata chikwama. Titafika kunyumba anapita kuchipinda kwawo, anatsitsa sutikesi ya bambo ija, n'kutulutsa chithunzi chimene chinali kunsi kwa nyuzi yoyala pansi pake. Mnyamata wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, makutu otambalala, ndinakuzindikirani msanga. Pambali panu kamtsikana kovala diresi ya madontho, katakhala pampando, mwendo umodzi wokha ukulendewera.

Ndinafunsa kuti ameneyu ndani. Anati ndi mkulu wanga.

Zaka makumi awiri ndi zinayi ndakhala m'nyumba muno ndikudziwa kuti tinabadwa awiri.

Anandiuza zonse, alamu akumva. Kuti anali ndi mawanga ngati a Kabwana, ndi mwendo wopindika chimodzimodzi. Kuti tsiku lina amayi anakusiyirani kuti mumugwire iwo akupita kumpopi, inu munamutsitsa kuti aime pang'ono mumange chingwe cha nsapato, ndipo mwendo unathyoka. Kuti bambo atabwera kuntchito sanafunse zambiri, anati mwamugwetsa, anavula lamba, ndipo anasiya pamene aneba anathyola chitseko. Kuti fupa silinalumikizane, anamangamanga mpaka linayamba kutuluka mafinya, ndipo pamapeto anadula. Kuti ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri mutu unayamba kumupweteka, diso limodzi linayamba kutuzuka, ndipo sanaone chaka chinacho. Bambo analetsa dzina lake m'nyumba, ndipo nonse munamvera.

Amayi sankadziwa kuti mawanga ndi mwendo n'chinthu chimodzi. Ankangodziwa kuti mwendo wopindika chotere anauonapo kale, ndipo unathyoka mwana ataimikidwa. N'zimene zinali kuseri kwa "basi" uja. Akanati anene chifukwa, akanatchula dzina loletsedwa, akanatchulanso inu. Ine ndinawayankha ndi foni.

Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake simunanyamulepo mwana wanu. Mumati manja anu ndi a miyala, mungamufinye, ndipo ine ndinkakunenani kuti ndinu bambo wachikale. Pepani.

M'mawa mwake ndinabwerera ndekha kwa dokotala uja. Ndinadikira pakhonde mpaka atatha odwala onse. Ndinawaonetsa kanema yense, masekondi onse khumi ndi awiri, kenaka ndinawafotokozera za mkulu wangayo. Ndinafunsa ngati mnyamata uja anathyola mwendo wa mlongo wake. Anati ayi. Anati fupa lotere limathyoka mwana akungoima, akutsika pabedi, ngakhale akumuveka kabudula. Anati mwana wa zaka zisanu ndi zinayi womanga nsapato alibe mlandu uliwonse.

Mwamva, achimwene? Simunamugwetse. Lamba uja munalandira pachabe.

Ndinafunsanso za ine. Anati mwina likanathyokabe. Koma anatinso mwendo wotere ukadziwika msanga amauveka chotetezera mwana asanayambe kuponda, ndipo ena amakula osathyoka. Sanawonjezere. Inu munali mwana ndipo palibe anakuchenjezani. Ine ndinachenjezedwa, ndipo kangolo ndinakakatenga kuseri kwa makala.

Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Ndikulemba chifukwa cha Lachinayi.

Dokotala akufuna kuchita opaleshoni: kuchotsa malo odyekawo, kulowetsa kachitsulo m'kati mwa fupa, n'kuikapo fupa lina lotengedwa m'chiuno mwa mwanayo. Sanatinamize. Anati mwina ligwira, mwina padzafunika kubwerezanso, ndipo alipo ana ena amene pamapeto pake mwendo umadulidwabe. Koma anati kudikira kulibe mwina. Malo apezeka Lachinayi la sabata yamawa. Tikaphonya, mndandanda wake ndi wa miyezi inayi.

Fomu ili pamwamba pa kabati, yosasaina. Alamu akana.

Musawakwiyire. Ine sakundilankhula, amatuma mawu kudzera kwa amayi ngakhale tili m'chipinda chimodzi, ndipo akulondola. Akuti anakwatiwa m'banja lobisa manda. Akuti aliyense m'nyumba muno ankadziwa kachidutswa kake, wina mawanga, wina mwendo, wina chithunzi, ndipo iwo okha, mwini mwana, ndi amene sankadziwa kanthu. Akuti iwo sangapereke mwana ku mpeni paokha, kuti zikalakwika mudzati ndani anakuuza. Akuti mawu achoke pakamwa panu, inu amene munaona mapeto a mwendo woyamba. Ndipo akuti Lachitatu likadutsa muli chete, achimwene awo abwera kudzawatenga ndi mwana yemwe. Kwawoko kuli bambo wina womanga mafupa ndi timitengo, amene akuti anachiritsa msuweni wawo. Mwina anachiritsadi, fupa la msuweniyo linali wamba. Ili ayi.

Ndayesa kuwafotokozera. Ndinasindikiza mapepala, ndinajambula fupa, ndinalemba mizere pansi pa mawu ofunika. Anawatenga n'kuyatsira mbaula. Mawu anga m'nyumba muno anatha mphamvu Loweruka lija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndikudziwa zoona koma palibe wondimvera.

Ndikudziwa chimene mungachite mukawerenga izi, chifukwa ndi chimene mwakhala mukuchita. Mupinda kalatayi, mupempha maola owonjezera, mukwera makina anu, n'kumaswa miyala mpaka mutu utasiya kuganiza. Chonde musatero ulendo uno. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kabwana sakudziwa kanthu. Amuika chikhakha china chopepuka, ndipo akukwawa akuchikoka, chikukhula pasimenti. Phokoso limenelo timalimva nyumba yonse. Akafika pampando amagwira n'kufuna kuimirira, ndipo tonse atatu timalumpha nthawi imodzi. Iye amayesa masewera, amabwerezanso. Tsiku limene ankasintha chikhakha ndinauona mwendowo uli pamtunda. Ukugwedera pamalo pamene palibe mfundo, ngati wamera bondo lachiwiri.

Dzulo pomusambitsa amayi apeza banga lina laling'ono kuseri kwa khutu. Akwana khumi.

Tchati chija ndinachotsa pakhoma. Kangolo amalume anakadula ndi sowo yawo, ndipo chiyambire sananditchulenso injiniya.

Pempho langa ndi ili. Bwerani. Akapitawo muwaonetse kalatayi ngati kungafunike, manyazi anga asakutsekereni njira. Dokotala akufunanso kukuonani inuyo, kumsana, m'maso, kambulu kapaphewa kaja, ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa akuti matendawa amafuna kuwalondalonda ngakhale mwa akuluakulu. Dalaivala ndamupempha, wavomera kusunga mpando wakutsogolo mpaka Lolemba dzuwa litatuluka.

Zikakanika ndithu, mu envulopumu ndaikamo pepala loyera ndi cholembera. Mulembere akazi anu, osati ine. Mulembe ndi dzanja lanu, amalidziwa. Muwauze za mlongo wanu, mumutchule dzina, ndipo muwauze kuti asaine. Koma ndikuuzeni zoona, sindikudziwa ngati pepala likwanira. Ndawaona maso awo.

Amayi ali pano pamene ndikulemba. Ndawawerengera zonse, sanandiletse ndi pamodzi pomwe. Ati ndiwonjezere mawu awo awa, ndisasinthe: tsiku la lamba lija iwo anali pakhomo, ndowa ili pamutu, ndipo akanatha kuwagwira dzanja bambo, koma sanatero. Ati mubwere adzanene okha.

Lachitatu ndikakhala pageti la depoti ya simenti kuyambira m'mawa. Lole ikamakhota pakona paja, galasi lakutsogolo limaoneka patali. Ndidzawerenga mitu.

Mulungu akusungeni pamakinapo ndi panjira. Mundiperekere moni kwa msuweni wathu wa kukhitchini ya msasa, koma izi musamuuze kaye, pakamwa pake mukupadziwa. Amalume akupereka moni. Alamu sanapereke, ndipo sindinamizira kuti apereka.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi